Njinga yakale imafuna sipanala, moto uikeni patali

Loweruka lina mwezi wa June, kukuzizira monga mwa chizolowezi cha Mzuzu, mwana wa mchemwali wanga anandipeza ndikuwothera dzuwa pakhonde ku Chibavi. Malonje sanatalike.

"Asibweni," anatero, poti kuno kumpoto malume timawaitana choncho, "njinga ya agogo ija ikungodyeka ndi dzimbiri m'nyumbamu. Bwanji mundibwereke ndiyambe kabaza?"

Njinga imene amanenayo ndi Yamaha DT125 ya malemu bambo anga. Iwo anali mlangizi wa zaulimi, ndipo mthuthuthu umenewu unawayendetsa m'midzi ya ku Mzimba ndi ku Rumphi zaka zambirimbiri. Chimwalirireni iwo, njingayo yakhala ili m'chipinda chosungiramo chimanga, yofunditsidwa chiguduli. Mnyamatayu anamaliza Folomu 4, ntchito sikuoneka, ndipo anzake onse ali pamsewu kunyamula anthu kuchoka kudepoti kupita ku Luwinga, Zolozolo, Chiputula ndi Mchengautuwa. Kumukaniza kukanakhala nkhanza.

Koma atatulutsa kapepala m'thumba n'kuyamba kundiwerengera zimene akufuna kuichita njingayo, mtima unandigunda. Ati adule kumchira kwa felemu, alumikize paipi kuti italike, awotchererepo kaliyala yonyamula makireti, aike mpando wautali, adule ekizozi kuti izilira mwamphamvu, kenaka adzaze nyali kutsogolo. "Wowotcherera wandiuza kuti tsiku limodzi basi zonse zatheka," anatero akumwetulira.

Ndinamuuza kuti njinga atenge, koma pali lamulo limodzi. Chilichonse chimene akufuna kuwonjezera chikhale chomanga ndi bawuti ndi nati. Asadule, asaboole, asawotcherere. Ndipo chilichonse chimene wachotsa, kaya ndi kagalasi kakang'ono, chilowe m'thumba n'kubwerera m'chipinda muja.

Sabata ino ndati ndikambe nanu za lamulo limeneli, awerengi, chifukwa si la banja lathu lokha. Njinga zamoto zadzaza mumzinda muno, ndipo ambiri amene akuziyendetsa anazigula zogwiritsidwa kale ntchito, ndi ndalama ya ngongole kapena ya fodya. Aliyense amafuna kuti yake ioneke mosiyana ndi ya mnzake komanso inyamule zambiri. Palibe cholakwika pamenepo. Funso ndi lakuti, mukasintha maganizo mawa, mudzatha kubwerera pomwe munayambira?

Ineyo ndinaphunzira movutika. Zaka zapitazo ndinali ndi njinga yanga ya ku China, yamtundu uja injini yake inatengera ya Honda CG125 imene inatuluka mu 1975. Ndinkapikula nthochi ndi usipa ku Nkhata Bay kudzagulitsa kuno. Nditaona kuti katundu akundichepera, ndinaitengera kwa mmisiri wina, amene dzina lake sinditchula chifukwa anachita zimene ndinamutuma ndekha. Anawotcherera chitsulo chachitali pafelemu penipeni, kumbuyo kwa mpando. Ndinanyadira miyezi ingapo. Tsiku lina ndikukwera zitunda za msewu wa M5, ndinamva njinga ikugwedezeka kumbuyo ngati tayala laphwa. Nditatsika ndinapeza felemu yang'aluka. Pamene anawotchererapo panali pali bwinobwino, mng'alu unali pambali pake.

Pambuyo pake makaniko wina wachikulire anandifotokozera chifukwa chake. Mapaipi a felemu ya njinga ndi opyapyala. Moto wa wowotcherera ukawatentha, chitsulo cha m'mbali mwa chowotchereracho chimasintha, ndipo malo amene kale ankapindika pang'ono njinga ikagunda dzenje amasanduka ouma gwa. Kugwedezeka konse kwa msewu kumakathera pamalire a chitsulo chouma ndi chofewa, ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Ndinaiwotchereranso, inang'alukanso pena. Pogulitsa, aliyense wobwera kudzaiona ankagwada, kuyang'ana zipsera za moto zija, n'kutsitsa mtengo. Ndinaitaya pamtengo wozizira.

Kuboola nakonso kuli ndi msampha wake. Bowo paipi limachepetsa mphamvu ya chitsulo, komanso limatsegulira madzi khomo. Mvula ya ku Mzuzu mumaidziwa, simachedwa kubwera ndipo sifulumira kupita, ndiye kukabweranso mawawa a nyengo yozizira. Madzi akalowa m'paipi satuluka. Dzimbiri limadya kuchokera m'kati, kunja penti ikuwala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye tinachita bwanji ndi njinga ya bambo? Tinayamba ndi kuitsuka n'kuizungulira pang'onopang'ono, kufufuza mabowo ndi mabawuti amene opanga njingayo anaika kale. Mungadabwe kuchuluka kwake. Pali mabawuti a mpando, a madigadi a kumbuyo, a nyali zokhotera, a popondera wokwera kumbuyo ndi ogwira injini. Malo amenewa anawalimbitsa kufakitale chifukwa amadziwa kuti padzakhala kulemera.

Kaliyala tinaipangitsa kwa wowotcherera yemwe uja. Apa ndipamene ndimafuna amisiri athu andimvetse, chifukwa sindikuwalanda nsima pakamwa. Tinamupempha kuti ayeze njinga ndi tepi, adule katoni monga chitsanzo, kenaka awotcherere kaliyalayo patebulo pake, njinga ili kutali. Atamaliza anaiboola timakutu tinayi tolingana ndi mabowo a panjinga, ife n'kuimanga ndi mabawuti. Ntchito anaipeza, ndalama analandira, felemu sinaone moto. Poyamba ananyinyirika kuti njira imeneyi ndi yochedwetsa. N'zoona, inatenga masiku awiri m'malo mwa limodzi. Koma lero kaliyala ija ikathyoka, timasula mabawuti anayi n'kupita nayo yokha kukakonzetsa, njinga ikupitiriza ntchito.

Pali chinanso chimene ambiri sadziwa. Kuwotcherera panjinga batire ndi kabokosi koyatsira moto zili zolumikizidwa kungathe kupsereza zamagetsi, osanenanso za thanki ya petulo imene ili chapafupi pomwepo. Kuwotcherera patebulo kumachotsa nkhawa zonsezi.

Pa kutalika kwa kaliyala tinakanganapo. Iye amafuna ipitirire tayala la kumbuyo ndi mkono wathunthu. Ndinamukumbutsa za katungwe wa thabwa amene ana amasewera: ukalemetsa mbali imodzi, inayo imanyamuka. Katundu akakhala kumbuyo kwa ekisero ya tayala la kumbuyo, tayala la kutsogolo limapepuka, ndipo tayala limeneli ndi limene limakhota komanso kugwira buleki kwambiri. Pamsewu wa matope wa ku Masasa kapena potsetsereka ponyowa, tayala lopepuka limangoterereka. Tinagwirizana kuti kaliyala ithere pafupi ndi nyali ya kumbuyo, osaiphimba, osaphimbanso nambala.

Pamene panalibe bowo, monga poika chitsulo choteteza miyendo njinga ikagwa, tinagwiritsa ntchito mabawuti opindika ngati chilembo cha U, amene amakumbatira paipi osailasa. Pansi pake tinayalapo kachidutswa ka mphira wa chubu chakale kuti chitsulo chisadye penti.

Mabawuti enieniwo ndi nkhani payokha. Musangotola aliyense mumsika. Yang'anani pamutu pake. Bawuti yolembedwa 8.8 ndi yolimba, yoyenera malo onyamula katundu. Yolembedwa 4.6 kapena 4.8, kapena yopanda nambala, ndi yofewa, isiyireni a mipando ndi mageti. Njinga za ku Japan zimagwiritsa ntchito muyezo wa mamilimita: bawuti ya M6 imamasulidwa ndi sipanala ya 10, ya M8 ndi sipanala ya 12, ngakhale ya M8 yogula kuhadiweya nthawi zambiri imafuna ya 13. Bawuti ikakana kulowa ndi zala maulendo awiri kapena atatu oyamba, musaikakamize ndi sipanala, mukupha mazinga a bowo, ndipo bowo lakufa mazinga ndi chiyambi cha ulendo wopita kwa wowotcherera. Gulaninso manati aja okhala ndi kapulasitiki m'kati, chifukwa samasuka wamba ndi kugwedezeka.

Tsopano za nyali, zimene anyamata athu amazikonda koposa. Usiku mumzinda muno mumakumana ndi njinga yowala ngati sitolo, nyali zoyera, zobiriwira, zofiira, zina zophethira. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti munthu amasenda waya wa njinga ndi lezala, kupotokolerapo waya wa nyali yatsopano, n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki. Mvula ikalowa pamenepo, waya amachita dzimbiri, magetsi amayamba kuthawa, ndipo tsiku lina utsi umafuka pansi pa thanki. Mtolo wa mawaya a njinga yakale ukapsa, kuupeza wina wofanana nawo ndi ntchito yaikulu.

Ife tinayamba ndi kuwerenga pabatire. Njinga zambiri zakale ndi za 6V pomwe zatsopano ndi za 12V, ndipo nyali za LED ndi matchaja a foni ambiri a mumsika anapangidwira 12V. Komanso panjinga zambiri zing'onozing'ono nyali yaikulu imatenga magetsi kuchokera kuinjini mwachindunji, osadzera kubatire, n'chifukwa chake imawala kwambiri mukaponda moto n'kuzilala injini ikatsika. Magetsi otero sagwirizana ndi nyali zambiri za LED. Choncho chowonjezera chilichonse chikhale ndi waya wakewake wochokera kubatire, wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batirepo ndi switchi yakeyake. Tsiku lochichotsa mumangomasula mawaya awiri. Muwerengerenso mphamvu: nyali ya mawati 24 pa 12V imakoka ma amp awiri, ndipo kainjini kakang'ono sikapanga magetsi ochuluka. Mukachulutsa, batire limagona njala ndipo m'mawa hutala salira.

Ndinamulola nyali imodzi yokha yowonjezera, yoyang'ana pansi, younikira maenje. Nyali yothobwa m'maso woyendetsa minibasi amene akubwera kutsogolo kwako sikukuteteza ayi, ikumuchititsa khungu munthu amene akuyenera kukuona kuti akupewe. Apa mpofunika kunena chilungamo: si chilichonse chomanga ndi bawuti chimene ndi chanzeru. Mpando wautali wonyamulira anthu atatu ungathe kumangidwa ndi mabawuti a 8.8, koma mabuleki ndi matayala akhalabe a anthu awiri. Amene amagwira ntchito kuwodi ya ovulala ku Mzuzu Central Hospital safunsa ngati mpandowo unali wowotcherera kapena womanga. N'chifukwa chake mpando tinangouvundikira chikopa chatsopano ndi siponji, utali wake womwewo.

Pa ekizozi sindinagonje ngakhale pang'ono. DT125 ndi ya injini ya two-stroke, ija imawotcha petulo pamodzi ndi oyilo wa 2T n'kumatulutsa kautsi kabuluu. Pa injini yotere, mimba yotupa ya ekizozi si yokongoletsa. Inayezedwa kuti izibweza mpweya wosakaniza ndi mafuta m'injini panthawi yake. Mukaidula kapena kuichotsa zam'kati, phokoso limakwera koma mphamvu yokwerera chitunda imatsika, mafuta n'kumathera panja. Ndipo kabaza amadalira makasitomala. Ndi mayi uti wochokera kumsika ndi dengu lake amene angasankhe njinga yogonthetsa m'khutu pomwe ina yachete ili pambali?

Chimodzimodzi sefa ya mpweya. Ena amachotsa bokosi lonse n'kuika kasefa kakang'ono kowala, ati kuti injini ipume bwino. Fumbi la mwezi wa October likalowa limapala m'kati mwa injini ngati sandipepa. Komanso mpweya ukachuluka mafuta osawonjezereka, injini imatentha mopitirira. Ife a kuno tili ndi chifukwa china chosamalira. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, pomwe Nkhata Bay, ulendo wosafika makilomita 50, ili kunyanja pa mamita pafupifupi 500. Kunyanja mpweya ndi wochindikala kuposa kuno. Kabuleta imene mwaifinya mafuta kuno kuti musunge petulo, ikatsikira kunyanja imapezeka kuti mafuta achepa kwambiri poyerekeza ndi mpweya, ndipo injini ya two-stroke ikatentha motero pisitoni imagwira. Pampu ya oyilo imene a Yamaha amaitcha Autolube nayonso tinaisiya m'malo mwake. Ambiri amaichotsa n'kumathira oyilo m'thanki ndi maso. Tsiku limene mwaiwala, kapena mwabwereka njinga mnzanu amene sadziwa, injini yatha.

Pali kusintha kumodzi kumene ndinamulimbikitsa ndekha, chifukwa n'kothandiza ndipo n'kobwezeka: sipuloketi, chitsulo cha mano chija tcheni chimayendapo. Mukaika ya kumbuyo ya mano ambiri, njinga imakoka bwino pachitunda ndi katundu, koma liwiro la pamsewu wosalala limatsika ndipo injini imazungulira kwambiri. Mwachitsanzo, ya kutsogolo ya mano 15 ndi ya kumbuyo ya mano 42, injini mbali yake imazungulira maulendo 2.8 kuti tayala lizungulire kamodzi. Mukaika ya mano 45 amakhala maulendo atatu. Kwa munthu wa zitunda za mumzinda muno zimathandiza. Kwa woyenda mtunda wautali pa M1 kupita ku Ekwendeni kapena kudutsa ku Chikangawa, mwina ayi. Mukaiyesa n'kuona kuti sikukukomerani, mumabwezera yakale. Kumbukirani kuti tcheni chakutha chimadya sipuloketi yatsopano msanga, choncho ndi bwino kusinthira pamodzi.

Mahandulo nawo amasinthika mosavuta, poti njinga zing'onozing'ono zambiri zimagwiritsa ntchito paipi ya mamilimita 22. Koma mukakweza mahandulo, zingwe za buleki, kilatchi ndi moto zimafupika. Mukamaliza lizani injini, mukhotetse mahandulo mbali zonse mpaka kumapeto. Injini ikakwera yokha, chingwe cha moto chakokeka, ndipo musayende mpaka mutakonza.

Tisaiwale za boma. Nambala ya chasesi imadindidwa pakhosi la felemu, pansi pa mahandulo, ndipo ya injini ili painjini pomwe. Nambala zimenezi, pamodzi ndi mtundu wa njinga, ndi zimene zimalembedwa m'mapepala a ku Road Traffic. Munthu akawotcherera pafupi ndi nambalayo, kapena kuipala pofuna kupenta, njinga yake yomwe imaoneka ngati yakuba, ndipo ndi mmene umbava wa njinga zamoto wakulira, wapolisi sangamuimbe mlandu akaikayikira. Pofuna kukongoletsa, zomata zimakwanira, zimamatuka. Ndipo ndalama yoyamba isanapite ku nyali ndi zomata, ipite ku laisensi, inshuwalansi ndi zipewa ziwiri zoteteza kumutu, cha woyendetsa ndi cha kasitomala. Mphwangayu ndinamuuza kuti kiyi saigwira zimenezi zisanakwane.

Ena anena kuti zonsezi n'za anthu a ndalama, munthu wosauka amangowotcherera chifukwa n'zotchipa. Ine ndikuona kuti wosaukayo ndi amene ayenera kusamala koposa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zipangizo za njinga pafupifupi zonse zimachokera kunja, zambiri kudzera pachipata cha Songwe. Kagalasi, madigadi kapena ekizozi yeniyeni ya ku Japan imene mwataya lero, mawa simudzaipeza, ndipo mukaipeza mtengo wake mudzakhala pansi. Kwa mabanja ambiri njinga ndiyo banki. Mwana akadwala kapena fizi ikavuta, ndi imene imagulitsidwa. Wogula amalipira bwino njinga imene ikuoneka monga inachokera kufakitale, ndipo thumba la zida zake zoyambirira limawonjezera mtengo.

Bawuti ili ndi vuto lake, sindikubisa. Imamasuka. Chowotcherera umachiiwala mpaka tsiku limene chathyoka, pomwe chomanga chimafuna kuchiyendera. Misewu yathu ya m'makwalala imagwedeza chilichonse. Ndiye Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, mnyamatayu amatenga sipanala ya 10, ya 12 ndi ya 13 n'kuzungulira njinga yonse. Ntchito ya mphindi khumi. Ubwino wake ndi wakuti pozungulirapo amaonanso tcheni chikakhwepa, sipoko ikaduka, kapena tayala likayamba kutha, zinthu zimene kale sakanaziona.

Papita miyezi tsopano ali pamsewu. Sabata yatha anabweranso pakhonde paja, kapepala kena kali m'manja. Wawerengera ndipo wapeza chimene ndinkachidziwa kale koma ndinafuna achione yekha: injini ya two-stroke imamwa petulo kwambiri kuposa njinga za four-stroke zimene anzake akuyendetsa, kuwonjezera apo pali oyilo wa 2T. Masiku amene mafuta asowa, anthu n'kugona pamizere kumalo omwetsera, iye ndi amene amayamba kuimika njinga. Akufuna asunge ndalama agule yakeyake yosamwa mafuta.

"Nanga ya agogoyi titani nayo, asibweni?"

Ndinamuuza kuti nkhani imeneyo si ya awirife. Tidzakhala pansi ndi amayi ake ndi abale ena. Mwina tidzaigulitsa kuti imuthandize poyambira, poti alipo anthu a m'mafamu ndi m'midzi ya kumapiri amene amaifunafuna njinga yotere. Mwina tidzaisunga, chifukwa mchemwali wanga akaimva ikulira pamsewu amati amaona ngati bambo akubwera kuchokera kumunda. Zonse ziwiri n'zotheka, chifukwa felemu ndi yathunthu, nambala zikuwerengeka, ndipo thumba lija lili pomwe tinalisiya. Akanadula tsiku lija, bwenzi lero tikukambirana za chitsulo chimene wogula sachifuna ndipo mwini wake sangachizindikire.

Tisanakhale pansipo, ndamuuza abwere Loweruka m'mawa ndi masipanala ake. Timasula kaliyala, chitsulo cha miyendo ndi nyali ija, tibwezere sipuloketi yakale, kuti abale akamadzakambirana adzakhale akuyang'ana njinga imene bambo anaisiya. Akuti pofika nthawi ya nkhomaliro tidzakhala titamaliza.